Magazi Achifumu Sakonzedwa

Mu ufumu wa Tonsetavomera munali lamulo limodzi limene ngakhale mwana wa kumsana ankalidziwa, loti magazi achifumu salakwa. Mfumu Salakwa Wachinayi inalipeza lamuloli, bambo ake analipezanso, ndipo amene analiyambitsa anamwalira asanafunsidwe chimene ankatanthauza. Mfumu ikapunthwa, mwala ndiwo unkazengedwa mlandu. Ikatsegula m'mimba, ophika onse ankachotsedwa ntchito. Udzudzu umene unailuma chaka china unalengezedwa pa wailesi kuti unali wochokera kunja, ndipo unalowa m'dziko popanda chilolezo.

Popeza magaziwo anali osalakwa, sankaloledwanso kukhudzana ndi singano. Ndiye kunyumba yachifumu kunali udindo wapadera, wa Wobayidwa Wamkulu. Wa m'banja lachifumu akadwala, dokotala ankabwera, n'kumuyang'ana wodwalayo ali chapatali, kenaka n'kubaya jakisoni a Binisoni, bambo wofatsa wa imvi amene anayamba ntchitoyi ndevu zisanamere. Katemera yense wa mafumu awiri anathera m'matako mwa a Binisoni. N'chifukwa chake mu ufumu wonse munalibe munthu wathanzi ngati iwo, moti chimfine chikawaona chinkakhota. Mafumuwo ankamwalira msanga, koma zimenezo kumeneko ankazitcha kuitanidwa.

Mfumu Salakwa inali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana, dzina lake Sungeni. Apa ndisanyoze, inkamukonda mwanayo ndi mtima wake wonse. Sungeni anabadwa ndi nthenda imene madokotala amati sikoselo, koma anthu a kumeneko amangoti nthenda ya zenga, chifukwa maselo a magazi amene amayenera kukhala obulungira amapindika ngati zenga n'kumakodwa m'mitsempha. Madokotala anaizindikira pongoona maso achikasu, timanja totupa ndi kulira kosatonthozeka. Kukazizira, kapena mvula ikangomudonthera, ululu unkamugwira m'mafupa mpaka kudzipinda ngati bongololo. Pamenepo dokotala ankathamanga n'kubaya a Binisoni mankhwala opha ululu. A Binisoni ankagona tulo tabwino, mwana akulirabe.

Motero Sungeni anakulira pansi pa ambulera. Bambo ake ankamugwirira okha, ambulera yaikulu yofiira ya mphonje zagolide, ndipo mtambo ukangoda ankamuthamangitsira m'nyumba. Mwanayo anafika zaka zisanu ndi zinayi asakudziwa kuti mvula imamveka bwanji pakhungu. Ankangoonera pawindo ana a alonda akudumpha m'zithaphwi.

Nanga nthendayo inachokera kuti? Bwalo la nduna linakhala pansi ku likulu, ku Ombanimanja, ndipo silinachedwe nayo nkhaniyo. Nduna ya Matamando, a Mwanenazoona, anaimirira n'kunena kuti popeza magazi a bambo salakwa, otsala ndi a mayi. Mayi wa Sungeni anali Nankhoma, amene mfumu inamupeza akugulitsa kaunjika mu msika wa Tingoyang'ana, n'kumukwatira chifukwa cha kaseke kake. Nduna zinagamula kuti Nankhoma wadetsa magazi achifumu. Anamukweza galimoto ndi chikwama chimodzi n'kukamutsitsa pa chipata cha msika. Iye sanalire pamaso pawo. Anamasula belo la majekete pamalo ake akale n'kuyambiranso kuitana makasitomala. Koma mu belo mukapezeka juzi yotentha ya msinkhu wa Sungeni, sankaigulitsa, ankaitumiza kunyumba yachifumu, ndipo tsiku limenelo anzake ankadziwa kuti sachita naye nthabwala.

Tsono m'dziko lomwelo munali mayi wina wasayansi, Dokotala Ndaziona Kapalamula. Anaphunzira kunja zaka zambiri, ndipo pamene anzake ankatsalira komweko iye anabwerera kwawo, zimene anthu ambiri anati n'chizindikiro cha kuzungulira mutu. Boma linamupatsa zipinda ziwiri kuseri kwa chipatala cha Bweranimawa, moyandikana ndi kochapira. Mmenemo anakhala akufufuza chaka ndi chaka, magetsi akuthima, jenereta ikutsokomola, iye osatopa.

Chimene anapeza n'chovuta kuchita koma chosavuta kufotokoza. M'mafupa mwa munthu muli mbewu zimene zimabala magazi, ndipo mbewu iliyonse ili ndi malangizo amene munthu amatengera kwa makolo ake. Mwa odwala zenga, malangizowo ali ndi polakwika pamodzi. Dokotala Kapalamula ankatenga mbewuzo mwa wodwala, n'kukonza polakwikapo, n'kuzibwezera mwa mwini wake. Wodwala ankavutika kwa masabata angapo, tsitsi n'kuthothoka chifukwa cha mankhwala olambulira malo mbewu zokonzedwazo, koma pambuyo pake thupi linkayamba kupanga magazi abwinobwino. Woyamba kuchira anali mwana wa wokonza njinga. Kenaka wa mphunzitsi, wa wogulitsa makala, wa wapolisi. Posakhalitsa anthu anayamba kubwera kuchokera m'maiko oyandikana nawo, ana ali kumsana, ndipo madokotala achilendo ankabwera kudzaphunzira m'zipinda ziwiri zija, akulambalala mabeseni a ochapa.

Mbiri itafika kunyumba yachifumu, a Mwanenazoona anakonza mwambo waukulu pa bwalo la masewera. Anasindikiza chitenje cha nkhope ya mfumu itazunguliridwa ndi timadontho tofiira. Makwaya anapeka nyimbo. Mendulo yagolide inavekedwa mfumu, chifukwa cholola kuti nzeru zimere m'dziko lake. Dokotala anapatsidwa mpando wa kumbuyo, padzuwa, ndi botolo la chakumwa chozizira chimene chinali chitatentha.

“Anthu a Tonsetavomera,” anatero a Mwanenazoona, “mankhwalawa mbuye wathu anawalota adokotala asanabadwe. Anangosowa nthawi yowapanga chifukwa chotanganidwa ndi kutikonda.”

Anthu anaomba m'manja, poti mzindawo dzina lake linali lomwelo, Ombanimanja. Chakumapeto nduna inaitanira dokotala kutsogolo.

“Adokotala, auzeni anthuwa m'mawu ochepa kuti nthenda imeneyi amabweretsa ndi amayi, monga bwalo linagamulira.”

“Ayi, bwana nduna,” anatero Dokotala Kapalamula, pakamwa pali pa chimkuzamawu. “Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Kuti mwana adwale, amatenga mbali ina kwa mayi, mbali ina kwa bambo. Makolowo amatha kukhala athanzi onse awiri, osadziwa kuti anyamula.”

Nduna inakodola oimba ng'oma kuti aimbe mwamphamvu, koma mawu anali atatuluka kale. Mawa lake wailesi inalengeza lamulo latsopano. Kuyambira tsiku limenelo, nthenda ya zenga izichokera kwa makolo onse awiri m'dziko lonse, kupatula kunyumba yachifumu, kumene izichokera kwa mayi yekha monga mwa kale.

Mu msika wa Tingoyang'ana anthu anamvera lamulolo malonda ali mkati.

“Koma nthendayi ndi yaulemu,” anatero mayi wogulitsa tomato. “Ikafika pachipata cha mfumu imavula nsapato.”

“Imagwada n'kugwada komwe,” anatero wokonza njinga uja, akupopa tayala. Mwana wake, amene kale ankakhalira kugona kuchipatala, anali pomwepo akuthamangitsa mpira wachikulunga, fumbi koboo. “Wanga ndi uyo mukumuonayo. Ndikanakhala mfumu, bwenzi pano ndikumugwirira ambulera.”

Anthu anaseka, kenaka anakumbukira kuti Nankhoma ali pafupi, n'kuleka kuseka. Nankhoma ankapinda jekete, n'kuitambasula, n'kuipindanso.

“Sekani, musandiope,” anatero. “Ana a makala achira, ana a njinga achira. Wanga yekha ndiye udindo wamuchulukira.”

Nyengo yozizira itafika, Sungeni anadwala kuposa kale lonse. Analephera kuyenda, analephera kudya, ndipo kulira kwake kunkamveka mpaka kukhitchini. Dokotala Kapalamula ataitanidwa, anamuyang'ana mwanayo ali chapatali monga mwa lamulo, ndipo sanabise mawu. Anati akapanda kuthandizidwa, nyengo yozizira ina sadzaiona. Mfumu inalamula kuti bwalo likumane m'mawa mwake.

Masana a tsiku lomwelo a Binisoni anatulukira pa malo a Nankhoma, akuyenda motang'adza.

“Mayi, ndipezereni buluku yofewa kumbuyo,” anatero. “Sabata ino andibaya mpaka ndasowa pokhalira.”

Nankhoma anasiya zimene ankachita. Iye ankadziwa kuti a Binisoni akabayidwa kwambiri ndiye kuti mwana wake zamuvuta.

“Zafika poipa?”

“Zafika poipa, mayi. Ine ntchitoyi ndaigwira moyo wanga wonse ndipo sindinadandaulepo. Koma mankhwala a mwana uja akamandigonetsa tulo iye akulira, ndimadzuka ndi manyazi. Mawa kuli bwalo. Sindinanene kanthu, ndangodzagula buluku.”

M'mawa mwake mfumu inalowa m'bwalo maso ali psuu. Dokotala anali pomwepo, a Binisoni ataima pakona chifukwa kukhala kunali kowawa.

“Ndikufuna mwana wanga achire,” inatero mfumu. “Koma lamulo lisasweke. Ganizani, paja n'chimene ndimakudyetserani.”

Nduna zinayamba kuganiza, ndipo zinali zomvetsa chisoni kuzionerera, poti ntchitoyo zinali zisanaizolowere. A Mwanenazoona ndiwo anayamba.

“Mbuye wanga, n'zosavuta. Adokotala atenge mbewu za a Binisoni, azikonze, mwana achire.”

“Za a Binisoni zilibe polakwika,” anatero dokotala. “Ndipo ngakhale nditazikonza, wopindula ndi a Binisoni, amene sakudwala.”

“Zakhala zikutero ndithu,” anatero a Binisoni motsitsa mawu, akuyang'ana kudenga.

“Chabwino,” inatero nduna. “Munanena nokha kuti mbali ina ndi ya mayi. Tengani mbali imeneyo yokha, yachifumuyo muisiye.”

“Bwana, magazi si nyemba zosakanikirana ndi chimanga, zoti ndikhale pamphasa ndizisankha.”

Nduna ina inati akhazikitse komiti. Ina inati nthendayo ipatsidwe masiku ochepa oti ilongedze ituluke m'dziko. Ina inati yavomereza maganizo onse amene anenedwa, ndi amene anenedwe.

Ali mkati motero, kukhomo kunamveka phokoso. Nankhoma analowa atavala jekete ya kaunjika pamwamba pa chitenje, alonda akumutsatira pambuyo, osadziwa kuti amugwire kapena amugwadire. Iye sanagwadire munthu. Anaima pakati pa bwalo n'kuyang'ana mwamuna wake.

“Abambo a Sungeni,” anatero, ndipo nduna zinadzidzimuka, chifukwa dzina limenelo linali lisanamvekepo m'chipindamo. “Ine sindinabwere kudzakangana. Bwalo lanu linagamula kuti magazi odwalawa ndi anga. Ndinavomera, ndinapita. Lero ndabwera kudzatenga katundu wanga. Magazi a kaunjika saletsedwa singano. Ndipatseni mwana ndikafole naye pa mzere ku Bweranimawa ngati anzanga.”

“Sizingatheke,” anatero a Mwanenazoona. “Mwanayo ndi wachifumu.”

“Ndiye nthendayonso ndi yachifumu.”

“Nthendayo ndi yanu.”

“Ndiye mwanayo ndi wanga. Sankhani chimodzi, bambo, ine ndasiya belo lotsegula.”

Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mfumu inkasisita chogwirira cha ambulera ija, imene inali itatsamira pampando wake. Kuchokera kuchipinda cha mkati kunkamveka kubuula kwa mwana.

“Ndinali ndi mng'ono wanga,” inatero pomaliza. “Ankalira chonchi. Maso ake anali achikasu chonchi. Atamwalira, wailesi inati waitanidwa chifukwa kumwamba kunasowa ana anzeru. Amayi athu anawakweza galimoto ndi chikwama chimodzi.” Inatembenukira kwa dokotala. “Adokotala, kuyeza kwake kumatenga nthawi?”

“Ngati kuyeza malungo, mbuye wanga. Kadontho kamodzi ka pachala.”

A Binisoni, mwa chizolowezi, anali atayamba kale kumasula lamba.

“Mangani lamba, a Binisoni,” inatero mfumu. “Lero ndi ine.”

Inatambasula chala n'kutsinzina ngati mwana wa sukulu pa tsiku la katemera. Nduna ziwiri zinabisa nkhope. A Mwanenazoona anadikirira mphenzi, koma kunja kunali dzuwa. Kadontho kanatuluka, kofiira ngati ka wina aliyense, ndipo mfumu inati “mayo” chapansipansi. Patapita kanthawi dokotala anayang'ana kachipangizo kake n'kukatembenuzira kwa mfumu.

“Simukudwala, mbuye wanga, koma mwanyamula.”

Mfumu inamuyang'ana Nankhoma nthawi yaitali.

“Amake Sungeni, mbali inayo ndi yanga. Ndinakulakwirani.” Kenaka inati, “Adokotala, mutengeni mwana. Konzani zonse.”

Musaganize kuti a Mwanenazoona anagwa. Anthu otere sagwa, amangotembenuka. Chala cha mfumu chisanaume anali ataimirira kale, akulengeza kuti iwo ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti nthenda yamphamvu chotere singachokere kwa anthu wamba okha. Mawa lake nduna zonse zinali pa mzere ku Bweranimawa, iliyonse ikufuna kupezeka kuti yanyamula ngati mfumu. Zimene zinapezeka kuti zilibe zinatuluka nkhope zitagwa, ndipo imodzi inapempha kuti ayezenso chala china. Anthu ataona kuti mabwana akuyezetsa, nawonso anayamba kuyezetsa, makamaka ofuna kulowa m'banja, zimene dokotala anakhala akupempha kwa zaka popanda womumvera. Zipinda ziwiri zija zinasanduka nyumba yosanja. Chikwangwani chake chinali ndi dzina la mfumu, koma makondakitala a minibasi akafika pamenepo ankangoti, “Otsika pa Ndaziona.”

Sungeni anagonekedwa chipinda choyandikana ndi cha mwana wa woumba njerwa. Amake ankagona pakhonde la chipatala pa chitenje, monga amachitira onse odikirira odwala. Mfumu inkabwera masana ndi fulasiki ya phala, n'kumadikira nthawi yoona odwala pa benchi, ndipo namwino wina wosadziwa ulemu anaiuzapo kuti isunthe, akufuna kukolopa. Tsitsi la mwanayo litathothoka, nduna zonse zinameta mpala, moti ku msika anthu anafunsana kuti maliro ndi a ndani amene sanawauze. A Binisoni anapuma pantchito, ndipo mwezi womwewo anadwala chimfine koyamba m'moyo wawo. Akuti anasangalala nacho kwambiri.

Mwana atatuluka m'chipatala, Nankhoma anakana kubwerera kunyumba yachifumu mpaka galimoto imene inamutsitsa ibwere kudzamutenga pa chipata chomwecho, mfumu ili momwemo. Inabwera, msika wonse ukuonerera. Koma malo ake a kaunjika sanawasiye. Anati ufumu ndi wosadalirika.

Mvula yoyamba inagwa masana ena, tsitsi la Sungeni litayamba kumera. Anali pakhonde ndi makolo ake, pamodzi ndi Dokotala Kapalamula amene anabwera kudzamuona. Fungo la dothi linakwera. Ana a alonda anatuluka m'nyumba zawo akukuwa. Mfumu inatambasula ambulera msangamsanga n'kumuphimba mwanayo, chifukwa mantha a zaka zonse zija anali asanathe.

“Ababa,” anatero Sungeni, “ndipite?”

Mfumu inayang'ana dokotala.

“Magazi ake ali bwino, mbuye wanga,” anatero dokotala. “Chimene angakatenge kumeneko ndi matope.”

Sungeni anavula nsapato n'kutsika masitepe. Anaima pabwalo n'kukweza nkhope, madzi akuyenderera pa kamutu kake. Kenaka anaseka kaseke ka amake, n'kuliyatsa liwiro kulunjika chithaphwi chachikulu kuposa zonse. Mfumu inamutsatira ndi ambulera itaitambasulira kutsogolo, ikuthamanga, ikuterereka, mkanjo uli matope okhaokha, koma mwanayo sinamupeze. Inaima pakati pa bwalo ikupuma wefuwefu, yonyowa mpaka kuphazi, ambulera ili m'manja, pansi pake palibe munthu.

A Mwanenazoona anafuula ali pouma kuti mvulayo imangidwe chifukwa chonyowetsa mfumu.

“Isiyeni,” inatero mfumu.

Inapinda ambulera ija n'kubwerera pakhonde, maso ali kwa mwana amene tsopano sankasiyana ndi anzake chifukwa cha matope. Inaipereka kwa mkazi wake.

“Amake Sungeni, iyi ingayende pa msika?”

Nankhoma anaitsegula, anaitembenuza, n'kuyang'ana msoko uliwonse monga amachitira ndi katundu wa mu belo.

“Yakalamba,” anatero, “koma ilibe chibowo. Mawa ndipita nayo.”